Ufa wa Amayi pa Geti la ku Kabulonga

Nkhuni zotsala pa maliro a amuna anga zikadali kuseri kwa nyumba kuno ku Kabwata. Ndikasonkhapo imodzi, utsi wake umandikumbutsa amayi atasenza dengu.

Titangofika ku Lusaka kuchokera ku Dedza, tinkakhala m'kanyumba ka antchito ku Kabulonga, kumene abambo ankaphikira bwana wina. Ine, pokhala mwana, ndinkaganiza kuti anthu akumeneko safa, chifukwa sindinamvepo kulira m'mipanda ija.

Tsiku lina abambo anati mkulu wa nyumba yoyandikana nafe watisiya. Amayi anathira ufa m'dengu, ine n'kundisenzetsa kamtolo ka nkhuni, monga tinkachitira kwathu. Pageti tinapeza magalimoto onyezimira, koma panali zii.

Mlonda anatiyang'ana kumapazi. "Ba mayo, mugulisa chani?"

"Tabwera kudzakhuza maliro, bambo," anatero amayi. "Ndife aneba."

Mayi wina wovala magalasi akuda anasuzumira, osatipatsa ndi moni womwe. "Bauze vakudya tinaoda kudala," anauza mlonda, kutanthauza kuti zakudya anaitanitsa kale.

Geti linatsekedwa. Ine ndinakondwa, poganiza kuti womwalirayo wadzuka, n'chifukwa chake ufa sukufunikanso. Amayi anabwerera, ufa ukuwatayikira paphewa.

Amuna anga anakalambira pa ntchito m'mipanda yomweyo. Atamwalira, mabwana awo anatuma dalaivala kudzasiya maluwa. Amene anagona nane pansi anali anzanga ogulitsa tomato ku msika wa Soweto, aliyense atabwera ndi kaufa kake. Maluwa aja palibe anawaphika.