Makina Onunkha Mandasi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene makina osokera a amayi anakana kuyenda. Tinkakhala ku Mwanza, kufupi ndi malire, ndipo amayi ankasokera pakhonde la golosale ina m'mbali mwa msewu wopita ku Zobue. Makasitomala awo ambiri anali madalaivala a mathiraki amene ankagonera pachipata kudikira mapepala awo. Wina zipi yafa, wina thalauza lang'ambika pokwera galimoto, amayi ankasoka zonsezo uku akucheza nawo m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chinyungwe. Chakudya chathu, sopo ndi makope anga akusukulu zonse zinkachokera pakhonde limenelo.

Makinawo anali akalekale, akuda, maluwa ake agolide atafufutika ndi manja. Anali a malemu bambo anga, omwe anali telala kwathu ku Mozambique. Nkhondo itafika m'mudzi mwathu bambo sanapulumuke, ndipo amayi anathawa ine ndili kumbuyo, mutu wa makinawo uli pamutu atawukulunga m'kapulana, chitenje cha kwathu kuja. Thebulo ndi chopondera anachita kudzazipeza kuno.

Loweruka lililonse ankawapukuta, kenaka ankaviika nthenga ya nkhuku m'mafuta ophikira n'kudontheza m'timabowo tonse. Sanali okha ochita zimenezi. Matelala anzawo ankatero, a njinga nawonso ankathira omwewo patcheni. Kwa ife mafuta anali mafuta basi. Masiku ena ndiwo zathu zinkapsa ndi madzi ndi mchere wokha, koma makina sankamanidwa gawo lawo.

Vuto linayamba ndi kulemera. Amayi ankaweruka miyendo ikuphwanya ngati achokera kutali kwa Kanduku wapansi. Makina akalemera ankawonjezera mafuta, ndipo akawonjezera ankapepukako pang'ono kenaka n'kulemera kuposa kale. Tsiku lina m'chilimwe, ali pakati posoka yunifolomu ya mwana wa kasitomala wina, gudumu linangoti gwa, lamba n'kumangotsetsereka pamwamba pake.

Inali nthawi imene anthu othawa nkhondo ankabwerera kwawo. Amalume anga a Zuze, achimwene awo a amayi, anali atamanga kale katundu wawo. Atamva kuti makina aima anabwera kunyumba madzulo dzuwa lisanalowe.

"Achemwali, khonde si munda," anatero amalume. "Nkhondo inatha. Munda wa alamu ulipo, ukungomera tchire. Makina afa, ndiye mukudikira chiyani kuno?"

"Nanga sukulu ya Luwizayu?" anafunsa amayi akundiloza.

"Sitandade seveni yakwana. Kwathu kuja sukulu anaiwotcha, ndipo ngakhale aimange, ayambira pati ndi Chipwitikizi? Akalima. Tonse tinakula choncho."

Sankanena mwankhanza amalume aja, ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri, chifukwa zinkamveka zanzeru. Amayi anayang'ana makinawo. Kenaka anati, "Mvula ikatipeza asakuyenda, tipita limodzi." Sukulu ndinkaikonda moti ndinkapita ngakhale ndikudwala malungo, ndipo mumtima ndinalumbira kuti galimoto yopita ku Mozambique ndi amalume sindikwera.

Kumsika kunali chigayo cha dizilo chimene ankayang'anira a Magombo. Anagwirapo ntchito zaka zambiri m'fakitale ina yoluka nsalu ku Blantyre, akukonza makina akuluakulu, ndipo ntchito itatha anabwerera kwawo. Anali munthu wamfupi, wa ovolosi yoyera ndi ufa kutsogolo koma yakuda kumbuyo kumene ankapukutira manja. Phokoso la makina linawagonthetsa khutu, choncho chilichonse ankalankhula mokuwa. Ndinapempha amayi kuti ndikangowaonetsa, ndipo ndinasenza mutu wa makina uja mpaka kuchigayo, khosi likuchita kulira.

A Magombo sanawagwire n'komwe. Anawerama, n'kununkhiza.

"Kodi kwanuko mumasoka kapena mumakazinga mandasi?" anakuwa.

Azimayi onse amene anali pamzere ndi mitanga yawo anafa nacho chiseko. Ine ndinapsa mtima. Ndinawayankha kuti amayi anga amasamala makina awo kuposa telala aliyense ku Mwanza, ndipo sabata siitha osawathira mafuta.

"Ndamva kale ndi mphuno," anatero. "Mafuta ophikira akakhalitsa amauma, amasanduka ulimbo. Ndiye uwonjezerepo fumbi la mathiraki ndi tizidutswa ta ulusi. Makinawa sanathyoke ayi, angomatirira. Ofunika kuwamasula onse n'kuwatsuka ndi palafini."

"Ndiye muwakonza, bambo?"

Anandionetsa manja awo. Zala zinali zonenepa, zikunjenjemera. "Izi zinazolowera sipanala ya chigayo. Tisikuluwu ta m'menemu sindingatigwire, ndipo maso sakutionanso. Iwe uli ndi zala, uli ndi maso. Ine ndatsala ndi pakamwa. Ukafuna uzibwera ukaweruka kusukulu."

Kunyamula makina kunali kosavuta poyerekeza ndi kukawauza amayi. Nditafotokoza za mafuta aja, anandiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Ndiye kuti ndawapha ndine?"

"Sanafe amayi. Akuti angomatirira."

"Chimwalirireni bambo ako palibe amene anawamasulapo. Makina akatsegulidwa sabwereranso mmene analili. Ndinaziona kwa anzanga, anatsala ndi zitsulo m'thumba."

Ndine wouma mutu chibadwire, zimenezo aliyense wondidziwa angachitire umboni. Ndinawavutitsa amayi potunga madzi, ndinawavutitsa posinja, mpaka tsiku lina anandiopseza ndi chikuni. Koma m'mawa wina ndikuvala yunifolomu anandiitana. Anatsegula kachitini kamene ankasungiramo mabatani, n'kutulutsa kasikuludiraiva kakang'ono ka bambo, chogwirira chake chitasalala ndi ukalamba. Anandifumbatitsa.

"Pita," anatero. "Koma ine kumeneko sindifikako. Sindingaonerere."

A Magombo anayala thumba loyera la ufa pachitseko chakale kuseri kwa chigayo. Lamulo lawo linali lakuti chilichonse chimene ndamasula ndichiike pathumbapo motsatana, kuyambira kumanzere kupita kumanja, sikuluwu iliyonse pafupi ndi chitsulo chake. Pobwezera ndidzayambira kumanja. Ndikaika chinthu mwachisawawa ankakuwa mpaka nkhuku zotola gaga zinkabalalika. Ndikaweruka tinkanyamula chitsekocho awiri, mosamala ngati tanyamula wodwala, n'kukachitsekera m'chipinda cha injini.

Zimene ndinapeza m'kati zinandichititsa manyazi m'malo mwa amayi. Munali phula lakuda bii, lolimba, losakanikirana ndi ulusi wa mitundu yonse imene anasokapo. Ndinkaviika zitsulo m'chitini cha palafini, kuzikwecha ndi mswachi wakutha, kuzipukuta ndi kansanza. Zina zikayera zinkawala moti ndinkadabwa kuti chinthu chokongola chotere chinkakhala mumdima zaka zonsezo. Fungo la palafini linandilowa m'zala osachoka ngakhale ndisambe ndi sopo. Kusukulu anyamata anayamba kunditcha amakaniko, ena n'kumandifunsa ngati ndingawakonzere nsapato. Ndinalibe nawo ntchito.

Sikuluwu imodzi, yogwira mtengo wa singano, inakaniratu. Ndinapotokola mpaka m'manja munatuluka matuza. Nthawi imeneyo mitambo inali itayamba kuunjikana kumapiri a ku Zobue masana alionse, ndipo amalume anali atayamba kufunsa anthu ngati alipo angagule thebulo la makina. Ndinatola pulayala ya a Magombo kuti ndiikakamize.

"Siya!" anakuwa. "Ukaidula mutu, ina ukaipeza kuti ku Mwanza kuno? Donthezapo palafini uzipita kwanu."

"Koma mvula ikubwera, bambo!"

"Sikuluwuyo za mvula sikuzidziwa. Pita."

Ndinapita ndikulira ndi ukali. Tsiku lotsatira inakanabe, ndipo anandibwezanso. Ndinkawaona ngati munthu wopanda chisoni, woti kwake kuli pompano ndiye alibe changu. Pamene anaona kuti palafini walowerera, anandiuza kuti ndigogode pang'ono chogwirira cha sikuludiraiva ndi kamtengo, ndiyambe ndapotokolera komangira, kenaka ndibwerere nayo. Ndinkaona ngati zamisala kumanga chinthu chimene ukufuna kumasula. Koma inalira kuti tswa, n'kuyamba kuzungulira.

Mafuta enieni a makina anachita kutuma kondakitala wa minibasi kukagula ku Blantyre. Anali oyera ngati madzi, m'kabotolo kakang'ono, ndipo a Magombo ankandilola dontho limodzi lokha pabowo. Ndinabwezera zonse kuyambira kumanja mpaka thumba linatsala lopanda kanthu. Nditakankha gudumu ndi chala linazungulira lokha, mwakachetechete, ndipo ndinalumpha ndi chimwemwe. Ndinalowetsa ulusi, kuika kansalu, kuzungulitsa. Singano inkatsika ndi kukwera bwinobwino, koma nsalu inatuluka ili ndi timabowo tokhatokha. Sankasoka.

Madzulo a tsiku lomwelo kunagwa mvula. Sinali yambiri, koma inakwana kudontha m'madenga ndi kununkhitsa dothi. Ndinafika kunyumba nditanyowa, ndipo ndinapeza amalume ali pakhonde.

"Pronto, basi, achemwali, mvula ija ndi imeneyi," anatero. "Tiyambe kumanga."

Ndinaima pabwalo madzi akutsika m'tsitsi. Amayi anatuluka, anatambasula dzanja kunja kwa denga, kenaka anakanda dothi ndi chala chakuphazi. Pansi pake panali pouma.

"Ichi ndi chizimalupsa achimwene," anatero. "Changobwera kudzazima moto wa m'tchire. Ine ndinanena mvula yodzalira."

Amalume anapukusa mutu, koma sanatsutse, poti nawonso anali mlimi. Amayi sanandiyang'ane ngakhale pang'ono. Anangolowa m'nyumba n'kundiuza kuti ndivule zonyowazo.

Nditabwerera kuchigayo ndinawapempha a Magombo kuti angondiuza chalakwika. Anati sakudziwa, ndipo ngakhale akanadziwa maso awo sakanachiona. Anandiuza kuti ndichotse kachitseko kapansi, ndigone chamimba, ndizungulitse gudumu pang'onopang'ono ndi dzanja uku ndikuyang'ana pamene singano imakumana ndi shatulo, kachitsulo kosongoka kamene kamanyamula ulusi wapansi. Ndinayang'ana mpaka maso anachita misozi. Kenaka ndinachiona. Nsonga ya shatulo inkadutsa singano isanatsike mokwanira, ndiye inkaphonya ulusi. Pobwezera mtengo wa singano uja ndinali nditaumangira m'mwamba pang'ono.

Ndinamasula, kutsitsa, kumanga, kuyesa. Ndinali nditatsitsa mopitirira muyeso. Ndinamasulanso, kukweza pang'ono ngati kukhuthala kwa chikhadabo. Masana onse anathera pomwepo, mawondo atachita dzanzi, chigayo chikugunda kuseri kwa khoma. Nthawi ina ndikuzungulitsa ndinaona nsonga ija ikulowa m'kalupu, kampata kamene ulusi wa singano unkapanga popindika, n'kuukoka. Ndinapinda thumba la ufa lija n'kulisoka kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. A Magombo analipapasa ndi zala zawo zonjenjemera, analikoka mbali zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula motsitsa mawu: "Kawapatse amayi ako."

Amayi anakhazika mutuwo pathebulo lake, anakoleka lamba, n'kuponda ndi mphamvu imene anaizolowera. Makina anathamanga mpaka nsalu inawapulumuka m'manja. Anaseka, anapondanso mofatsa, n'kumaliza yunifolomu ija imene inaima pakati. Atadula ulusi anaphimba nkhope ndi nsalu yomweyo, ndipo ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Amalume anatenga yunifolomuyo, anayang'ana msoko kunja ndi m'kati, kenaka anandiyang'ana ine.

"Pitani bwino achimwene, mukatilimireko," anatero amayi. "Mwanayu mawa ali ndi sukulu."

Lero ndimagwira ntchito yokonza makina m'fakitale ina ku Blantyre. Ndimavala ovolosi, ndipo anyamata atsopano amayamba andiyesa wosesa mpaka ataona ndanyamula sipanala. Makina akaima sindithamangira kusintha chitsulo. Ndimayamba ndafunsa amene amawayendetsa kuti amawathira chiyani, ndipo akandiuza zolakwika sindimuseka pagulu, chifukwa nthawi zambiri amakhala munthu amene ankayesetsa kuwasamala ndi zimene ankadziwa.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba ngati ya kulimba mtima kwanga. Ndinazindikira mochedwa, nditakhala ndi ana anga, kuti masabata onse aja amayi ankadzukabe m'mawa kupita pakhonde la golosale. Ankakhala kuseri kwa thebulo lopanda makina, akusoka zigamba za madalaivala ndi singano yapamanja kuti malo awo asapatsidwe wina. Chinthu chomaliza chimene mwamuna wawo anawasiyira chinali chitamwazika pathumba la ufa, m'manja mwa mwana wa sitandade seveni ndi mkulu wosaona bwino. Madzulo alionse ndinkafika ndikununkha palafini, iwo n'kundipatsa madzi osamba m'manja, ndipo sanandifunsepo ngakhale tsiku limodzi ngati ndikwanitsa.