Mtsuko wa Teresa Pansi pa Msuku

Teresa anafika m'mudzi mwathu, kufupi ndi Namwera, mu Okutobala wa 1987, nyenje zikulira, masuku asanapse. Anachokera kuseri kwa Mandimba, ku Mozambiki, kumene nkhondo inali itatha midzi. Anabwera yekha. Pamutu anasenza mtsuko womata pakamwa, kumbuyo kunalibe mwana.

Othawa nkhondo ambiri ankapita kumsasa kukalembetsa kuti azilandira ufa. Iye anakhala pakhonde pa Abiba, mayi wamasiye amene anamupatsa madzi akumwa tsiku loyambalo. Chiyao chawo chinali chimodzi, ngakhale wina ankapemphera kumzikiti, wina ali ndi kolona m'khosi. Sabata isanathe ankaitanana kuti achemwali. Abiba anamudulira kamunda m'munsi mwa phiri, pamene panali mtengo wa msuku. Mchimwene wake wa Abiba, Che Amidu, mlimi wa fodya, anamupatsa nsungwi ndi udzu womangira nyumba.

Teresa anali munthu wa khasu. Ankatsiriza kugalauza anzake akali kusosa. Pamaliro ankafika woyamba ndi mtolo wa nkhuni. Chimodzi chokha chinkatidabwitsa: sanamange nkhokwe. Ife timaika chimanga pabwalo kuti aliyense aone. Iye zokolola zake ankabisa kudenga, ndipo mbewu yake palibe ankadziwa kumene imakhala.

Chifukwa chake anauza Abiba yekha. Kwawo kuja nkhokwe inkaitana imfa. Anthu a mfuti akaiona ankatapa zimene angathe kunyamula, zotsala n'kutentha. Choncho amayi anaphunzira kusakaniza mbewu ndi phulusa, kuithira mumtsuko, kumata pakamwa ndi dothi, n'kukakwirira kumunda. M'mawa wina anthu a mfutiwo anafunsa mwamuna wake, Paulo, kumene anakwirira mbewu. Sananene. Anapita naye, ndipo Teresa anangotola malaya ake panjira ya kumtsinje. Mtembo sunapezeke. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akamufunsa kuti wabisa chiyani, lilime lake linkauma.

Zaka zinayi zinadutsa bwino. Kenako kunabwera dzinja la 1992. Mvula inagwa mu Disembala, tinabzala, ngumbi zinauluka. Mu Januwale inadula. Chimanga chinali chitayamba kumasula, masamba ake anapotana ngati anyezi. Masana aliwonse mitambo inkasonkhana cha kunyanja, yakuda bii, koma ikafika pamwamba pa phiri lathu mphepo inkaibalalitsa. Kumzikiti anapempha mvula. Kutchalitchi anapemphanso. Fodya wa Che Amidu anapsera m'munda.

Munthu akamaona mitambo ikubwerera pakhomo pake, amayamba kufunsa kuti akuibweza ndani. Okalamba anakumbukira zakale. Ena anaona a mchape ali ana, anthu oyenda ndi kalilole ofufuza mfiti, ndi milu ya nyanga zotayidwa pamphambano. Ankanenanso za mwavi, khungwa la poizoni limene kale ankamwetsa munthu womuganizira ufiti: akasanza ndiye alibe mlandu, akafa ndiye mfiti. Boma linaletsa kalekale, koma anthu anangochotsa chikho pakamwa pa munthu n'kuchiika pamlomo wa nkhuku. Ndipo onse ankagwirizana pa chinthu chimodzi, kuti womanga mvula amaitsekera mumtsuko n'kuukwirira.

Mu Febuluwale amayi okatola nkhuni anaona Teresa atagwada pansi pa msuku. Ankakumba ndi manja, kenako anakwiriranso n'kuwaza masamba ouma pamwamba. Iye ankangofufuza ngati chiswe chafika pamtsuko wake wa mbewu, monga ankachitira mwezi uliwonse. Koma nkhani inafika pachitsime iye asanafike kunyumba.

Moni unatha. Akafika pachitsime, amayi ankasuntha ndowa zawo kuti chithunzithunzi chake chisagwerepo. Tsiku lina anapeza nthambi ya minga pakhomo pake.

"Achemwali, akunena inu," anatero Abiba.

"Ndamva."

"Kafukuleni muwaonetse. Si mbewu basi?"

"Ndi njala imeneyi, akaiona adya. Chaka chamawa tidzabzala miyala?"

"Nanga akapanda kuiona, mudzabzala muli kuti?"

Teresa anapitiriza kusenda chinangwa chake chouma.

Che Amidu anakatenga sing'anga wina wa kunyanja, Che Jaffalie, kuti adzamwetse nkhuku mwavi. Unali mwezi wa Ramazani, ndipo shehe anakana poyera kuti zimenezo ndi haramu, zoletsedwa m'Chisilamu. Choncho sizinachitikire m'mudzi. Tinasonkhana kudambo louma, dzuwa litangokwera, Asilamu ndi Akhristu omwe. Zimene anagwirizana zinali zosabisa: nkhuku ikafa, Teresa aperekezedwe ku Chiponde, awoloke malire, abwerere kumene anachokera. Masiku amenewo mphepo ikachokera kum'mawa tinkamvabe mfuti kutsidyako.

Che Jaffalie anang'amba kansalu ku chitenje cha Teresa n'kumangirira kumwendo wa nkhuku yaikazi.

"Nkhuku iyi ndi inuyo, mayi. Musanamwe, tiuzeni. Mwakwirira chiyani pansi pa msuku?"

Teresa anayang'ana pansi. Lilime lake linauma.

"Mwaona?" anatero Che Amidu. "Ndi pakamwa pomwe anamatapo dothi. Zaka zinayi mukulima nthaka yathu, mayi. Nsungwi za nyumba yanu ndinadula ndine. Lero mukutimana ndi madzi omwe?"

"Ndi mbewu, achimwene," anatero Abiba. "Kwawo amasunga choncho. Ndipo nkhuku yanuyo yatha masiku angati osatola kanthu? Imeneyo ingafe ngakhale ndi thobwa."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Inu khalani chete," anayankha Che Amidu. "Mfiti silowa m'mudzi yokha. Pali amene amaitsegulira chitseko."

Abiba anabwerera m'mbuyo. Anali ndi adzukulu awiri m'nyumba.

Che Jaffalie anasinja khungwa pamwala, anathira madzi, anakanula mlomo wa nkhuku. Ataiika pansi inayenda pang'ono, ikukoka kansalu kaja m'fumbi. Tonse tinkayang'ana khosi lake. Inaima. Inakhala pansi ngati ikufuna kuikira. Phiko limodzi linatambasuka, miyendo inaphiriphitha, basi. Sinasanze.

Tinapita kumsuku tili pamzere ngati opita kumanda, Teresa patsogolo. Palibe anafuna kukumba. Ankati mumtsuko wa mvula mumakhalanso mphenzi. Teresa anakumba yekha, ndi manja, mpaka mtsuko unaonekera, wofiira, womata bwino. Anautulutsa n'kuufungatira pamiyendo.

"Tsegulani," anatero Che Jaffalie, ataima patali.

Anangoukumbatira kwambiri. Amuna awiri anamukoka mikono, mtsuko unagubuduka. Che Amidu anagwira khasu kumapeto kwenikweni kwa mpini, anatembenuza nkhope, n'kumenya. Ambiri tinathawira kumbuyo. Mayi wina anagwa.

Kunafuka phulusa. Litatsika tinaona mapira ofiira, khobwe, ndi chimanga cha makolo, zitamwazika pa nthaka youma. Mphenzi munalibe. Anthu sankayang'anana.

Kenako Che Jaffalie anatokosa mapale ndi ndodo yake n'kutukula nsalu. Anali malaya a munthu wamwamuna, opindidwa bwino, okhala ndi madontho akuda pachifuwa. Ngakhale Abiba sankadziwa za malayawo.

"Nanga awa ndi mbewu ya chiyani?"

Apo m'pamene Teresa anayankhula, motsitsa.

"Ndi a amuna anga. Ndilibe manda oti ndizikasesa."

Amayi ena anagwetsa nkhope. Che Jaffalie anazunguliza ndodo ija kuti aliyense aone.

"Malaya a wakufa mumtsuko wokwirira. Mukufunanso umboni wanji?"

Koma mitima inali itagawanika. Mkulu wina, Simioni, amene anakhalapo msilikali ali mnyamata, anati nkhuku ikhoza kunama koma thambo silinama. Mtsuko wasweka. Ngati munalidi mvula, igwa pasanathe masiku atatu, ndipo mayiyu apite. Ikapanda kugwa, asiyidwe. Onse anavomera, poti zinamveka zachilungamo. Mbewu zija palibe anazitola. Teresa anatenga malaya okha.

Masiku atatu amenewo sindidzawaiwala. Mudzi wonse unkayang'ana kumwamba kufuna mvula. Teresa, mlimi woposa tonsefe, ankakhala pakhonde pake kolona ali m'manja, akuyang'ana mitambo yomweyo ndi mantha. Tsiku loyamba kunali mbee. Lachiwiri mitambo inabwera n'kubalalika monga mwa masiku onse. Abiba anamupititsira phala, ndipo analipeza madzulo lili momwemo.

Tsiku lachitatu kunacha kotentha, kopanda kamphepo. Nyerere zinkasamutsa mazira. Teresa anaziona, ndipo ankadziwa tanthauzo lake kuposa aliyense. Masana kunagunda cha kunyanja. Mitambo inafika paphiri ndipo sinabwerere. Dontho loyamba linagwa pafumbi la pabwalo pake, lalikulu ngati khobwe.

Inagwa mpaka madzulo. Chimanga chinali chitafa kale, mvulayo sinapulumutse ngakhale phesi limodzi. Koma anthu anatuluka panja, amayi akululutira, ndipo ena ankaloza nyumba ya m'munsi mwa phiri.

Teresa sanadikire kuti amuperekeze. Kutacha anamanga malaya aja m'chitenje n'kutseka chitseko ndi kamtengo. Abiba yekha anayenda naye mpaka ku Chiponde, m'matope.

"Pitani kumsasa, achemwali," anatero Abiba. "Kumeneko sakudziwani."

"Nkhani ya mfiti ili ndi miyendo. Ikandipeza konko."

"Nanga uko? Mfuti simukuzimva?"

"Uko akandipha akudziwa kuti ndine munthu."

Anawoloka. Mu Okutobala chaka chomwecho, nyenje zitayambanso kulira, tinamva pa wailesi kuti nkhondo ya ku Mozambiki yatha. Othawa ambiri anabwerera kwawo m'zaka zotsatira, ena anakhazikika konkuno. Abiba ankafunsa aliyense wochokera ku Mandimba, ogulitsa nyemba ndi a njinga omwe. Palibe anamuona Teresa.

Pansi pa msuku paja, mvula ija inameretsa mapira. Anakula okha, osapalira, mothandizidwa ndi mawawa a nyengo yozizira. Chaka chimenecho anthu ankadya mizu ndi mango aawisi, koma panalibe wolimba mtima woti athyole ngala imodzi. Odutsa ankalambalala. Mpheta zinadya gawo lalikulu.

Mu Juni, mwera ukuwomba, Abiba anapita ndi mpeni dzuwa lili pamutu, anthu akuona. Anadula ngala zotsala, anapuntha, anasakaniza ndi phulusa n'kuthira mumtsuko. Che Amidu anamupeza akumata pakamwa pake ndi dothi. Anaima pakhomo nthawi yaitali.

"Mukaukwirira kuti?" anafunsa.

Abiba anangopitiriza kumata.