Mkono walema, mkono walemera

Chizindikiro choyamba ndinachimva ndi makutu anga omwe, ndipo ndinachisiya chidutse. Linali Loweruka loyamba la Febuluwale, tikudya chamasana kunyumba kwathu ku Bradford. Mwana wanga Takondwa, amene panthawiyo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anali atabwera pa sitima kuchokera ku Leeds kumene amaphunzira. Anakoka mbale ndi dzanja lamanzere, n'kunena kuti, "Mami, mkono wanga walema." Ndinamuyankha kuti mkono umene umangogenda chaka chonse, ngati wa munthu wopirikitsa mbalame m'munda wa mpunga, uyenera kulema ndithu. Ndinamuuza kuti amwe panado, aupumitse. Bambo ake anaseka, nkhani n'kuthera pompo.

Ndine nesi. Ndagwira ntchito zaka zambiri mu wodi ya okalamba, ndipo tsiku lililonse ndimayang'ana miyendo ya odwala kuopa kuti magazi angaundane m'mitsempha. Ndikunena zimenezi poyambirira kuti mudziwe kukula kwa manyazi amene ndinali nawo pambuyo pake.

Takondwa anabadwira kuno. Chichewa amamva, koma pochilankhula amachita ngati akuwoloka mtsinje pamiyala. N'chifukwa chake ndinaika lamulo pakhomo panga loti pa tebulo palibe Chingerezi. Wofuna mchere aupemphe m'Chichewa, akalephera adye zopanda mchere. Lamuloli ndinkalinyadira kwambiri, mpaka kumalilalikira kwa amayi anzanga ku tchalitchi.

Masewera ake anali achilendo kwa ife. Ana a anzathu ankathamangira mpira wamiyendo, koma wanga anakonda mpira wa ku America, uja wooneka ngati papaya losongoka, umene amasewera atavala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa. Iye anali kotabeki, amene amalandira mpira poyamba n'kuuponyera anzake amene athamangira kutsogolo. Timu yonse imayang'ana mkono wa munthu ameneyu. Anayamba ali ndi zaka khumi ndi zinayi pa timu ya achinyamata ku Leeds, ndipo m'chaka chake chachiwiri ku yunivesite anamupatsa malo oyamba, atadikira chaka chathunthu pa benchi. Mpira umenewu ku yunivesite amasewera nthawi yozizira. Kukayamba kufunda, iye ankalowa beziboli, kumenenso ntchito yake inali kuponya kampira kolimba kwa womenya ndi chibonga. Motero mkono wake wamanja sunkadziwa tchuthi. Bambo ake ankakonda kuugwiragwira alendo akabwera, kuti aone mmene wakulira.

Lachitatu lotsatira anandiimbira foni ndili pa basi yopita kuntchito. Pofuna kundisangalatsa analankhulanso Chichewa, nati mkono ukadali wolema, ndipo jekete yayamba kumuthina mbali imodzi. Ndinamuseka kuti achepetse kunyamula zitsulo. Ndinamulangiza kuti authowe ndi madzi otentha n'kuusisita bwino, monga mmene amayi anga ankachitira nafe tikabinya. Iye anamvera. Masiku anayi otsatizana anauthowa n'kuusisita, chinthu chimene sindingalole munthu aliyense kuchita pa mwendo wa wodwala wanga.

Lamlungu la sabata imeneyo kunali masewero ofunika, amene akanapititsa timu yawo m'ndime yotsatira. Tinapita kukaonera ine ndi bambo ake, titavala ngati anyezi chifukwa cha mphepo ya ku Leeds. Malamulo a masewerowa mpaka lero sindiwamvetsa onse, koma ndimamudziwa mwana wanga. Mipira yake inkagwera pafupi, ina m'manja mwa adani. Akaponya ankagwedeza dzanja ngati wagwira chotentha. Chigawo choyamba chisanathe, kochi anamutulutsa n'kulowetsa mnzake. Ndinamuona atakhala pa benchi, mutu uli pansi, ndipo ndinaganiza kuti chikumupweteka ndi manyazi basi.

Masewero atatha ndinapita kukamupatsa tiyi wa mu fulasiki. Anali akulimbana ndi kuvula zotchinga m'mapewa zija, ndiye ndinamuthandiza. Apa m'pamene ndinauona mkonowo. Unali wotupa kuyambira m'phewa mpaka kuzala, khungu lili nyezinyezi, lakuda kuposa la mkono winawo. Pa phewa ndi pachifuwa mitsempha inali itatuluka, yoonekeratu ngati mizu ya mtengo mvula ikakokolola dothi. Nthawi yomweyo umayi unachoka, unesi n'kubwera. Ndinamufunsa m'Chingerezi, mmene ndimafunsira odwala, kuti akumva bwanji mumkonomo.

"It's heavy, Mami," anatero. "Ndinakuuzani. Walema. Heavy, ngati siwanga."

Mwana wanga ankafuna kunena kuti mkono walemera. Iye ankaganiza kuti kulema ndi kulemera ndi mawu amodzi, limodzi lalifupi, lina lalitali. Ine ndinamva kuti mkono watopa. Akanati walemera, kapena akanangonena m'Chingerezi chakecho, ndikanamuvula malaya pa tebulo pomwepo. Chiwalo cholemera ndi chotupa mbali imodzi ndimachidziwa ngakhale mutandidzutsa kutulo. Zilembo ziwiri zokha zinasowa, ndipo amene anamutsekera pakamwa kuti asalankhule chilankhulo chimene amachidziwa bwino ndinali ine.

Tinafika kuchipatala cha m'ma 3 koloko masana, iye akadali ndi matope m'mawondo. Ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi kunali kodzaza, monga kumakhalira Lamlungu lililonse. Nesi woyamba anamuyeza kuthamanga kwa magazi ndi mpweya, anayeza kukula kwa mikono yonse iwiri ndi tepi, n'kumufunsa ngati akubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa. Anati ayi. Tinabwerera pa mipando kukadikira. Ndagwira ntchito m'zipatala za kuno nthawi yaitali, koma sindinkadziwa kuti mipando imeneyi ndi yolimba chonchi. Ndinkangoyang'ana chifuwa chake, kuwerenga mmene akupumira, chifukwa ndinkadziwa kuti chidutswa cha magazi oundana chikathothoka chimathamangira kumapapo. Ndinkakumbukiranso kuti ndine ndinamuuza kuti azisisita.

Atamutenga magazi, dokotala anamubaya jakisoni wa pamimba woletsa magazi kupitirira kuundana, n'kumugoneka. Lolemba m'mawa anamuunika ndi sikani. Anapeza kuti mtsempha waukulu umene umabweza magazi kuchokera kumkono watsekeka pansi pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi. Dokotala wa mitsempha, mayi wodekha wolankhula pang'onopang'ono, anatifotokozera kuti mtsempha umenewu umadutsa pakampata kakang'ono pakati pa fupa limenelo ndi nthiti yoyamba. Munthu akamaponya kwambiri, minofu imakula, kampata kaja kamachepa, ndipo mtsempha umapanikizika nthawi iliyonse mkono ukakwezedwa, mpaka umavulala m'kati, magazi n'kuundana. Anati matendawa sapezeka kawirikawiri, ndipo amakonda achinyamata athanzi, amene aliyense amawaona ngati sangadwale.

Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa, loti zinayamba liti. Takondwa anati Lachinayi, masiku awiri lisanafike Loweruka lija. Ndinawerenga ndi zala pansi pa chikwama, ndipo linali tsiku lakhumi ndi chiwiri. Dokotala anati mankhwala osungunula magazi oundana amagwira bwino ntchito ngati sipanadutse masabata awiri, chifukwa pambuyo pake magaziwo amauma n'kumatirira. Anati tayandikira kumalire, ayesa, koma sangalonjeze kuti mtsempha utseguka wonse. Takondwa sanafunse za moyo wake. Anafunsa ngati adzaponyenso. Dokotala anati, "Tiyeni tipulumutse kaye mtsempha, za mpira tikambirana."

Tsiku lomwelo masana anamulowetsa kapaipi kakang'ono mumtsempha wa pamkono mpaka kukafika potsekapo, n'kuyamba kudonthezera mankhwala. Anamuika mu wodi ya odwala ofunika kuwayang'anira pafupi. Ola lililonse nesi ankabwera kudzamuyeza, kuona ngati sakutuluka magazi pena pake, n'kulemba. Pakapita maola angapo ankamutenganso magazi. Sankaloledwa kupinda mkono. Ine ndinkakhala pampando wapambali, manja akuyabwa kufuna kukonza diripi, koma ndinadziletsa. Nesi wina wa ku Zambia, atamva tikulankhula, anandigwira paphewa nati, "Amake mwana, lelo sindimwe nesi. Nkhalani chabe." Ndinapita kuchimbudzi kukalira.

Lachiwiri anamuunikanso. Mbali yaikulu inali itasungunuka, koma panatsala kachigawo kouma. Anapitiriza mankhwala tsiku lina. Lachitatu masana dokotala anabwera n'kunena kuti magazi ayamba kudutsa, ngakhale mtsempha unali wopapatiza pamalo povulalapo. Kutupa kunayamba kutsika. Loweruka anamutulutsa ndi mapiritsi oletsa magazi kuundana, ndi lamulo lakuti pamene akumwa mapiritsiwo asayerekeze kusewera masewera ogundana, chifukwa kugunda mutu kamodzi kukhoza kumutayitsa magazi m'kati.

Masabata amene anatsatira ndi amene anali ovuta kuposa a kuchipatala. Anabwerera kwathu ku Bradford, maphunziro akuchitira pa kompyuta. Timu yake inapitirira popanda iye, ndipo mnzake uja amene analowa m'malo mwake anasewera bwino. Takondwa ankaonera pa foni, chitseko chotseka. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale kamodzi, koma anasiyiratu Chichewa. Pa tebulo ankapempha mchere m'Chingerezi, ine n'kumupatsira. Bambo ake ankayesa nthabwala, koma zinkagwera pansi. Tsiku lina ndikumupatsa piritsi la m'mawa ndinamupepesa. Ndinati ndinamva mawu ake koma sindinayang'ane mkono wake, ndipo cholakwa n'changa. Anangoti, "It's fine, Mami," n'kutembenukira kukhoma. Ndinadziwa kuti sizinali bwino.

Kumapeto kwa Malichi anamuchita opaleshoni yochotsa nthiti yoyamba ya kumanja, kuti mtsempha upeze malo. Anang'amba kukhwapa. Tinadikira maola anayi m'khonde, bambo ake akuyenda uku ndi uku mpaka ndinawakalipira kuti akhale pansi. Anatuluka ali ndi kapaipi kotulutsa madzi pabala, ndipo masiku atatu oyamba kupuma mokoka kunkamupweteka. Patapita milungu ingapo anamulowetsanso kapaipi kena kokhala ndi kabaluni kuti atanule popapatiza paja. Kenako inayamba fiziyo yolimbitsa mkonowo, kawiri pa sabata, ulendo wa basi. Mnyamata amene ankaponya mpira kudutsa theka la bwalo anayamba ndi kukwawitsa zala pakhoma ngati buluzi, kuti aone pamene mkono ungafike. Nyengo ya beziboli inadutsa yonse iye ali pakhoma pamenepo.

Mu Ogasiti sikani inaonetsa kuti magazi akuyenda bwino, ndipo mu Seputembala dokotala anamuimitsa mapiritsi. Anamulola kuyamba kuponya pang'onopang'ono, powerenga mipira, koma anamuuza mosabisa kuti mkono umodzi sungatumikire masewera awiri chaka chonse popanda kupuma. Takondwa anasankha mpira wa papaya uja. Golovesi yake ya beziboli anaipereka kwa mnzake wa pa timu, ndipo tsiku limenelo sanadye. Atabwerera ku yunivesite anapeza malo ake ali ndi mwini. Anayambiranso pa benchi, pamene anayambira kale.

Pano papita chaka ndi miyezi ingapo. Ali bwino. Mkono wamanja ukadali wokulirapo pang'ono kuposa wamanzere, kukhwapa kuli chipsera, ndipo kukazizira kwambiri amamva dzanzi kumbuyo kwa mkono. Amapita kukaunikidwa pa nthawi imene anamuuza. Malo oyamba sanawapezenso mokhazikika, amagawana ndi mnzake uja, ndipo zimamuwawa. Inenso zimandiwawa, chifukwa sindidziwa kuti zikanakhala bwanji tikanapita kuchipatala tsiku lachitatu m'malo mwa lakhumi ndi chimodzi. Dokotala anati palibe angadziwe. Ndimayesetsa kumukhulupirira.

Kwa makolo anzanga, makamaka ife a ntchito za chipatala amene timafika kunyumba titatopa ndi madandaulo a anthu ena, ndikuti mwana wathanzi amadwalanso. Mkono kapena mwendo ukatupa mbali imodzi, ukasintha mtundu, ukalemera, kapena mitsempha ikatulukira pamene sinkaoneka, musathowe, musasisite, musadikire kuti masewero adutse. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo mwana wobadwira kuno akakuuzani za m'thupi mwake m'Chichewa chake chothyokathyoka, musangosangalala kuti wayesa. Mufunseninso m'chilankhulo chimene amalotera, kenako muone ndi maso anu. Lamulo langa la pa tebulo ndinalisintha, tsopano matenda amaloledwa kulowa m'chilankhulo chilichonse.

Mwezi watha kochi anamulowetsa chigawo chachiwiri chonse. Anaponya bwino, ngakhale timu yawo inagonja. Atatuluka ndinapita ndi fulasiki yanga, mtima uli m'mwamba, n'kumufunsa m'Chingerezi kuti mkono uli bwanji. Anandiyankha m'Chichewa, koyamba chichokereni kuchipatala.

"Walema, Mami," anatero, akutchula pang'onopang'ono. "Walema basi. Sunalemere."

Ndinamumva bwino lomwe. Komabe ndinamuuza kuti avule malaya ndione.