Duku la a Sisi M'maso Mwanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mkulu wanga, a Sisi Esinati, anasankhidwa kupita ku Malawi. Ankaphunzira zauphunzitsi, ndipo a mishoni ankafuna kuwatumiza kukaphunzitsa kumeneko chaka chathunthu asanamalize maphunziro. Inali nthawi ya boma la azungu la Smith, nkhondo ili mkati, ndipo mwayi wotere sunkagwera mtsikana wa kukomboni kwathu ku Mzilikazi kawiri.

Koma amayi anakanitsitsa. Abambo, amene anakalambira pantchito ya njanji, anali atasiya kuona, ndipo maso awo anali a Sisi. Akaweruka ku koleji ankawaperekeza kuchipatala, kutchalitchi, ngakhale kwa anzawo a bawo. Amayi ankachapa zovala kwa azungu, kubwera atatheratu.

"Ukapita iwe, abambo ako aziyenda ndi yani? Uyu?" anatero amayi, akundiloza ndi mlomo. "Saona ndi pamene akuponda pomwe."

Zinandiwawa, komatu sananame. Ndinali wopupuluma, mawondo anga sankapola zilonda.

"Ndipatseni mpata, Amayi," anayankha a Sisi. "Ndikalephera kuphunzitsa Naomi, ndiye kuti ana a eni sindingawathe."

Zokonzekera zina zinkayenda ndithu. Anajambulitsa chithunzi cha pasipoti, anabayitsa jakisoni wotupitsa mkono, telala anawasokera madiresi awiri ofika pansi pa mawondo. Koma sutikesi inangokhala pansi pa bedi yopanda kanthu, kudikira ine.

Tsiku loyamba ndinawagwira abambo padzanja n'kuwakoka ngati mbuzi yopita kumsika. Tisanafike ndi patali, mwendo wawo uli m'ngalande phofo! Iwo anangoseka. "Tafika kale, mayi?" Ine ndinalira ndi mkwiyo, n'kunena kuti ulendowo ufe basi, si wanga.

A Sisi sanandikalipire. M'mawa mwake anavula duku lawo, lonunkhira sopo wobiriwira, n'kundimanga nalo m'maso. Kenako anandikoka. Mayo ine! Msewu umene ndinabadwiramo unasanduka wachilendo. Belu la njinga linkamveka ngati lili pamphuno panga, mwala uliwonse unkafuna chala changa. Ndinakuwa mpaka anzathu a Chindebele a nyumba yoyandikana anatuluka kudzaonerera.

"Wamva mmene amamvera?" anandifunsa. "Tsopano gwira chigongono changa. Ine ndizitsogola pang'ono, ndizikuuza chinthu tisanachifike."

Tinayendanso msewu womwewo, duku lili chimangire, ndipo mantha anandithera. Kuyambira pamenepo madzulo aliwonse tinkayeserera, ine ndi abambo patsogolo, a Sisi pambuyo ngati mphunzitsi wamkulu. Ndinaphunzira kuchepetsa phazi, ndinaphunziranso kuti pakamwa panga, pamene amayi ankati m'posatseka, pali ndi ntchito.

Mayeso anabwera Lamlungu lina. Amayi anati tipite kutchalitchi awiri, iwo azitsatira chapatali, a Sisi atsale kunyumba. Pobwerera, pafupi ndi bwalo la mpira la Barbourfields, tinapeza galimoto ya apolisi itaima, agalu ali m'maunyolo. Anyamata ena anayamba kuthawa. Miyendo yanga inafuna kuwatsatira, ndikunenetsa. Koma zala za abambo zinali pachigongono panga, ndipo ndinamva zikulimba.

"Bambo," ndinatero, "kutsogoloku kuli apolisi ndi agalu awiri, koma ndi omangidwa. Sakutiyang'ana. Tidutsa kumanzere, pali kachitunda, mukweze phazi."

Anakweza phazi. Tinadutsa pang'onopang'ono ngati anthu opita kumunda kwawo.

Titafika kunyumba, amayi anagwada, anasolola sutikesi ija, anaipukuta fumbi, n'kuyalamo bulangete lawo latsopano limene sankalola munthu kulikhudza. "Akuti kumapiri kumeneko kumazizira," anatero. A Sisi anaphimba nkhope ndi manja.

Tsiku la ulendo ndinawatsogolera abambo ndekha mpaka kusiteshoni. Njira ya ku Tete inali yoopsa chifukwa cha nkhondo, choncho a Sisi ankakwera sitima ya ku Salisbury kuti akapeze ndege. Abambo ananunkhiza utsi wa malasha n'kumwetulira, poti kumeneko kunali kuntchito kwawo. Anawauza a Sisi kuti akafika akapereke moni kudziko limene iwo analisiya ali mnyamata. Sitima itayamba kuyenda anandifinya chigongono.

"Undiuze, Naomi. Akuoneka bwanji?"

"Ali pawindo, Bambo. Avala diresi la buluu. Akulira, komanso akuseka. Akukukupizirani dzanja."

"Mbali iti?"

Ndinawatembenuza pang'ono, ndipo anakweza chipewa chawo m'mwamba mpaka ndinawauza kuti sitima yakhota.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti kukonzekera ulendo ndi pasipoti ndi madiresi. Lero ndikudziwa kuti katundu wovuta kulongedza ndi anthu amene ukuwasiya, ndipo a Sisi anayamba ndi ameneyo. Anabwerako chaka chitatha, ali mphunzitsi weniweni. Lamlungu loyamba anatambasula mkono kuti aperekeze abambo monga kale. Abambo anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza chigongono changa.

"Pumula, aphunzitsi," anatero. "Ndili naye kale wanga."