Kaseti ya Daphisha

Bah Kyrshan (kuno mwamuna timamulemekeza pomutchula Bah, mkazi Kong) anayendetsa takisi mumzinda wa Shillong zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo zaka zonsezo ankadana ndi kaseti imodzi. Inali ya mkazi wake, Daphisha, ya gulu lina lakunja loimba roko, lija anyamata onse ogwira gitala kuno amatengera kaimbidwe kake. Lamlungu lililonse pochokera kutchalitchi, Daphisha ankailowetsa m'wailesi ya m'galimoto, n'kumagogoda chala pabondo uku akutafuna mtedza wa kwai, milomo ili psuu.

"Koma mayi, ameneyu akuimba kapena dzino likumuwawa?" ankafunsa Kyrshan.

"Inu yang'anani msewu, bambo. Makutu anuwo ndi a hutala basi."

Kenako Daphisha anadwala miyezi itatu, n'kupita kukatafuna kwai pakhomo la Mulungu, monga timanenera kuno. Ana analibe, ndipo nyumba inali ya mtundu wa mkazi. Alamu ake a Kyrshan sanamuchitire nkhanza ayi, mwambo ndi mwambo. Kyrshan anabwerera kwa mlongo wake ngati mkamwini aliyense, ali ndi chikwama cha zovala ndi takisi yake. Kaseti anaipeza ili m'wailesi momwemo.

Anayamba kuiliza chifukwa chete wa m'galimoto ankamulasa mtima. Mwezi woyamba linali phokoso lomwe lija. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kumva gitala wa besi akuyenda modekha pansi pa phokosolo. Pambuyo pake anazindikira kuti woimba uja sankadwala dzino, koma ankalira ngati munthu wosafuna kuti anzake amuone misozi. Kulira kotero Kyrshan tsopano ankakudziwa.

Pakati pa nyimbo yachinayi panali malo pamene mawu ankanjenjemera n'kuzilala. Zinamudabwitsa mpaka tsiku limene anakumbukira kuti pamenepo m'pamene Daphisha ankabweza tepi kawiri katatu, iye akung'ung'udza. Chala cha mkazi wake ndicho chinapyapyalitsa tepiyo. Zaka zonse zija akanangofunsa kuti akumvapo chiyani, koma madzi akatayika saoleka.

Wokonza mawailesi kumsika wa Iewduh anaiyang'ana n'kupukusa mutu. "Bah, iyi yatha ntchito. Mukailiza kakhumi iduka. Kaisungeni m'bokosi."

Nanga kaseti ya m'bokosi imaimbira ndani? Kyrshan anasankha kumailiza Lamlungu lokha, kamodzi, mtima uli m'mwamba nyimbo yachinayi ikamayandikira.

Tepi inadukira pamalo paja Lamlungu lina lamvula pachitunda cha Laitumkhrah, atanyamula namwino wopita kuntchito. Wailesi inangoti tswa, kenako zii.

"Pepani, Bah," anatero namwinoyo. "Koma musadandaule, ndili nayo pafoni. Gulu limeneli salidziwa ndani?"

Nyimbo inayambiranso pafonipo, yomveka bwino ngati yadzulo. Itafika pamalo paja sinanjenjemere. Kwa nthawi yoyamba Kyrshan anamva chimene chinalipo: woimba amakhala chete, ng'oma zimaleka, gitala mmodzi n'kukwera yekhayekha mpaka kumapeto kwa mpweya wake. Chinali chinthu chokongola, ndipo chinamupweteka, pakuti chala cha Daphisha munalibemo.

Anaimika galimoto pambali pa msewu, manja akadali pachiwongolero.

"Yakomatu, eti?" anafunsa namwino.

Kyrshan anayang'ana mpando wakutsogolo, wopanda munthu.

"Yakoma," anayankha motsitsa mawu. "Tabwezani pamenepo, Kong. Kawiri."