Chala Chachikulu Pamphumi

Mulamu wanga anathyola chala cha mwana wake Loweruka m'mawa, pa doko la ku Mphuka, ine ndili pomwepo ndi foni m'manja. Anamumenya ndi chidutswa cha nkhafi yothyoka. Mwanayo anali ndi zaka zisanu, ndipo manja ndiwo anali pakamwa pake.

Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndiko kulemba kumene ndinaphunzira ku nyuzipepala ku Lusaka, ndisanabwerere kwathu kudzagwira ntchito ya boma ku Luangwa: chachikulu chizikhala pamwamba, zina zizitsatira.

Mwanayo ndi mtsikana, wobadwa kwa mlongo wanga wamng'ono. Malungo aakulu anamugwira ali ndi zaka ziwiri. Anachira, koma makutu anatsekeka. Mawu ochepa amene anali atayamba kunena anazimirira limodzilimodzi, ndipo anthu a m'mudzi anayamba kumuitana kachibulu, kutanthauza kosalankhula. Dzina lake lenileni ankalitchula ndi amake okha.

Pakhomo pawo ankalankhula naye ndi thupi. Akafuna kuti atembenuke ankamuponyera kamwala. Akayandikira madzi, amake ankamukoka tsitsi ndi kumuwomba mbama, chifukwa pa Zambezi ng'ona siyembekeza kuti mwana amvetse. Ana anzake ankamumenya kumbuyo n'kuthawa, kuti aseke mmene akuzungulira kufunafuna wom'menya. Iye ankabwezera ndi mano. Mwana wa neba ali ndi chipsera pa phewa mpaka lero.

Atate ake ndi msodzi, munthu wamfupi wa mapewa aakulu. Mwanayo atadwala, ndi iye anamupalasa pa njinga mpaka ku chipatala ku Katondwe dzuwa lili pamutu. Koma dzanja lake linali lofulumira. Ankamenya mbuzi, agalu, ndipo kawiri konse ndinapita kukakamba naye za nkhope ya mlongo wanga. Panalinso chinthu china chimene aliyense pa doko ankachidziwa. Mkulu wake wa mulamu wanga anapenga, ndipo amayendayenda pa msika wa pa boma atavala masaka. Asodzi akafuna kumuputa mulamu wanga sankanena kanthu, ankangogogoda chala pamutu. Wina anasokedwapo pa chikope chifukwa cha zimenezo.

Mavidiyo ophunzitsa chinenero cha manja anandipatsa ndi mphunzitsi wina wochokera ku Chipata amene tinkakhala moyandikana pa boma. Analipo khumi ndi awiri, lililonse la mphindi zitatu kapena zinayi. Munali mayi wosamva, wovala bulauzi yofiira, ataima patsogolo pa khoma loyera. Chithunzi chinkaoneka pakona, mayiyo n'kupanga chizindikiro kawiri, pang'onopang'ono, mawu a munthu wina n'kutchula chinthucho m'Chingelezi. Munali nyama, zakudya, mitundu ya zinthu, ndi anthu a m'banja. Munali basi ndi aisikirimu. Ng'ona ndi mvuu munalibe.

Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga kupita ku Mphuka. Foni ndinkaitsamiritsa pa chitini pansi pa mtengo wa masau, ana asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu n'kuunjikana, kukankhana ndi zigongono. Mwana wa mlongo wanga uja ankalimbira malo a patsogolo ndi zikhadabo. Tsiku loyamba anangoyang'ana. Tsiku lachiwiri, vidiyo ya nyama ili pakati, anadzuka, kundigwira malaya, kundikokera ku khola. Analoza mbuzi, n'kupanga chizindikiro cha mbuzi, n'kundiyang'ana m'maso kuti aone ngati n'zoona. Ndinavomera ndi mutu. Anazungulira khola lonse, mbuzi iliyonse akuitchula payokha.

Patatha miyezi iwiri anali ndi mawu oposa makumi anayi, ndinkawalemba m'kabuku. Chizindikiro cha ng'ona anadzipangira yekha ndi mikono yonse iwiri, ndipo amake anachiphunzira tsiku lomwelo. Kukoka tsitsi kunachepa. Kuluma kunatheratu.

Chinthu chimodzi ndinachiona koma sindinachilabadire. Mwanayo ankachita zonse ndi dzanja lamanzere. Mayi wa m'vidiyo ankagwiritsa ntchito lamanja, koma popeza anali moyang'anizana ndi ana, iwo ankamutsanzira ngati pagalasi. Mulamu wanga anandifunsapo ngati ku Lusaka amaphunzitsa ana kupereka moni kwa akulu ndi dzanja lopitira kuthengo. Ndinaseka, ndinamuuza kuti zimenezo zidzakonzeka. Iye sanaseke. Mavidiyowo sanawaonepo ngakhale kamodzi, chifukwa nthawi imeneyo amakhala pamadzi, ndipo ankati ndi masewera a anthu a m'maofesi.

Loweruka limenelo tinafika pa vidiyo yachisanu ndi chinayi, ya anthu a m'banja. Amayi: dzanja lotambasula, chala chachikulu pachibwano. Atate: dzanja lomwelo, chala chachikulu pamphumi. Cha amayi anachigwira msanga, n'kuthamangira amake amene anali kuchapa. Cha atate chinamuvuta, chifukwa pa chithunzi panali bambo wa tayi. Ndinabwereza kanayi. Kenaka ndinalowa m'nyumba, kutenga chipewa chakale cha atate ake, kuchiika pafupi ndi foni. Anayang'ana chipewa, anayang'ana chithunzi, n'kuliyatsa liwiro la ku doko.

Ndinamutsatira ndili wokondwa. Ndinatsegula kamera ya foni kuti ndijambule. Za mkulu wake wa mulamu wanga ndinkazidziwa bwino lomwe, koma m'njira monsemo sizinandibwerere m'mutu.

Pa doko panali anthu ambiri. Mabwato anali atangokocheza, azimayi ogula nsomba ali ndi mabeseni, ena ochokera tsidya la ku Zumbo. Mulamu wanga anali atawerama pa bwato lake akuwonjola mcheni mu ukonde. Mwanayo anamukoka kabudula. Atatembenuka, mwanayo anamuloza ndi chala, n'kukweza dzanja lamanzere, chala chachikulu pamphumi. Anagogoda kawiri monga mayi wa m'vidiyo. Poona kuti atate ake sakumva, anagogodanso, mwamphamvu, zala zina zikugwedera, iye akuseka mano onse pamtunda.

Doko lonse linaphulika ndi phwete. Msodzi wina wa bwato loyandikana anati: “Waona, mwana wako yemwe wakuuza. Ndi kachibulu komwe kadziwa kuti kwanu n'kofunta.”

Zotsatirazi ndili nazo pa foni, masekondi khumi ndi limodzi. Mulamu wanga anagwira dzanja la mwanayo, kuligoneka pa mlomo wa bwato, kutola chidutswa cha nkhafi chimene chinali pansi, n'kumenya katatu. Kachiwiri kanamveka mosiyana ndi koyamba, ngati bango louma. Mwanayo anatulutsa mawu amene ndinali ndisanawamvepo, aakulu, osweka, ochokera m'mimba. Kenaka chithunzi chimaonetsa mchenga, chifukwa foni ndinaiponya.

Mulamu wanga ndinamumenya chibakera pa khutu. Ndine munthu wa pa desiki, iye ndi wopalasa bwato kuyambira ali mwana. Anandigwetsa ndi mutu umodzi, dzino langa la kutsogolo n'kuthyoka. Anandikhalira pachifuwa, kundikokera m'mphepete mwa madzi, kundikanikiza nkhope m'matope. Ndinameza madzi ndi magazi. Dzanja langa linapeza mwala wa pa ukonde, ndipo ndinamumenya nawo pambali pa mutu, kawiri, mpaka khutu linang'ambika. Zaka zonse tinkaitanana kuti a mulamu, inu. Tsiku limenelo tinali iwe ndi iwe, ndi mayina a nyama. Amuna aja ankangoonerera. Anatilekanitsa ndi azimayi a nsomba, mmodzi akumenya mulamu wanga ndi beseni pamsana mpaka beseni linapindika.

Mlongo wanga anafika thovu la sopo lili m'manja. Sanayang'ane mwamuna wake kapena ine. Ananyamula mwana.

Ku Katondwe tinapita pa njinga yamoto, atatu ndi woyendetsa. Chala chachikulu chinali chitathyoka pa mfundo, cholozera chitang'aluka. Anamumanga pulasitala. Nesi anafunsa chimene chinachitika, ndipo mlongo wanga anayankha msanga kuti bwato linamupana. Ine ndinali ndi umboni m'thumba. Mlongo wanga anandigwira bondo, ndipo foni ndinaisiya m'thumba momwemo. Ku polisi sindinapite. Sindikunena kuti ndinachita bwino, ndikungonena zimene ndinachita. Koma mwanayo ndinamutenga kupita naye kwanga ku boma, pamodzi ndi amake. Kwathu malume ali ndi mphamvu imeneyo, ndipo palibe anatsutsa.

Chimene ndinkaopa sichinali fupa. Mwanayo anasiya kulankhula. Manja onse awiri ankawabisa m'khwapa. Akafuna madzi ankaima pafupi ndi ndowa n'kudikira. Ndikatulutsa foni ankakwawira kunsi kwa bedi. Amake anamupangira chizindikiro cha mbuzi, cha ng'ona, cha amayi, iye n'kutembenukira kukhoma. Mawu makumi anayi aja anatsala m'kabuku kanga mokha.

Lachiwiri masana mulamu wanga anafika pa geti, khutu atalimanga ndi nsanza, chikwanje chili pa kaliyala ya njinga. Sanachigwire, koma anaimika njinga moti ndichione. Anati wabwera kudzatenga mkazi wake ndi mwana wake. Anati ndinakhala miyezi iwiri ndikuphunzitsa mwana kumutukwana, n'kubweranso ndi kamera kuti ndikaonetse anzanga a ku ofesi. Ndinamuuza kuti ayang'ane kaye chinthu chimodzi, akatero achite zimene wabwerera.

Ndinamupatsa foni pamwamba pa geti. Chingelezi sawerenga, koma chithunzi cha bambo atanyamula mwana anachiona, ndipo liwu limene linatchulidwa amalidziwa, poti ndi lomwe amaitanira ansembe ku mishoni. Mayi wa bulauzi yofiira anaika chala pamphumi kawiri.

“Bwezani,” anatero.

Ndinabweza. Anaonera katatu.

“Ndiye ankati chiyani?”

“Ankakuitanani. Ankati atate.”

Anandibwezera foni mosamala. Kenaka anatembenuka n'kumenya chipilala cha geti ndi chibakera. Chipilalacho n'cha njerwa ndi simenti. Anamenya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, khungu la pa mfundo n'kusendeka, magazi akuyenderera pa mkono. Mlonda wa pa ofesi yoyandikana anatuluka kudzaona. Mulamu wanga anakwera njinga n'kupita, osafunsanso za mkazi kapena mwana.

Loweruka lotsatira anabweranso, wopanda chikwanje, ndi nsomba zinayi za pende pa chingwe. M'geti sindinamulole. Anakhala pa mwala kunja, napempha foni. Anayamba ndi vidiyo yoyamba, ya nyama, zala zake zokhakhala zikulephera kupindika. Ndinamuuza kuti agwiritse ntchito dzanja lamanja, asatsanzire ngati pagalasi. Anandiyang'ana, n'kusintha dzanja. Mwanayo atamuona pa zenera anadzikodzera.

Zinapita chotero masabata asanu. Pulasitala anachotsa. Chala chinalumikizana, koma mfundo inauma, ndipo sichipindika. Mphunzitsi wa ku Chipata uja anandilangiza kuti ndisamukakamize, tizingolankhulana ndi manja ife akuluakulu iye akuona. Ine ndi mlongo wanga tinkapemphana mchere ndi madzi ndi manja ngati anthu osokonezeka. Mwanayo ankatiyang'ana, manja ali m'khwapa.

Loweruka lachisanu ndi chimodzi ndinali kukonza tcheni ya njinga kuseri kwa nyumba. Ndinamva wina akundikoka malaya. Anali mwanayo. Anatulutsa manja onse awiri. Anatambasula lamanzere, n'kulitema pa chala chachikulu ndi m'mphepete mwa lamanja, katatu. Kenaka analoza ku geti. Ndinasuzumira. Atate ake anali atafika, ali pa mwala paja ndi nsomba zawo.

Ndinaitana mlongo wanga. Mwanayo anabwereza, katatu, n'kulozanso. Nkhope yake inalibe mantha kapena mkwiyo, ankangotidziwitsa amene wabwera. Madzulo a tsiku lomwelo anapempha madzi ndi dzanja lamanja.

Mphunzitsi uja anandiuza kuti pakati pa anthu osamva munthu sadzisankhira dzina la manja. Amapatsidwa, kuchokera pa chimene anthu amamudziwira, ndipo likakhazikika silichoka msanga. Langa ndi chala pa dzino lothyoka.

Mulamu wanga anachiona chizindikirocho sabata yotsatira, ali pa geti, mwana akuuza amake. Anandifunsa kuti chili mu vidiyo iti, poti iye anali atafika pa yachisanu ndi chiwiri osachipeza. Ndinamuuza kuti mulibe mu vidiyo iliyonse, ndi dzina lake. Anayang'ana manja a mwanayo nthawi yaitali, n'kufunsa ngati lingasinthike. Ndinati afunse amene anamupatsa dzinalo.

Papita zaka zitatu. Mlongo wanga anabwerera ku Mphuka, mwanayo anatsala ndi ine chifukwa cha sukulu, ndipo kabuku kaja ndinasiya kulembamo mawu atandichulukira. Amalankhula ndi dzanja lamanja. Chizindikiro cha atate amachidziwa, amachigwiritsa ntchito ponena za atate a anzake. Mulamu wanga anamaliza mavidiyo onse khumi ndi awiri, ndipo masiku ano amalowa m'geti. Mwanayo amakhala naye pa khonde, pakati pawo pali mpata wa munthu mmodzi, n'kumamukonza zala akalakwitsa. Akafuna kumuitana amagogoda pansi ndi phazi, atate ake n'kutembenuka, iye n'kutema chala katatu. Atate ake amavomera.