Njira ya kumanda a kwathu

Chigwereni m'maluwa a abwana ku Springs, paipi ya madzi ili m'manja, imfa sinandichoke m'mutu. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Kufa kwenikweniko sindikuopa ayi. Chimene ndimaopa n'kuikidwa kuno ku Joni.

Mwana wanga wamwamuna anabadwira ku KwaThema konkuno. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chizulu. Nditamuuza kuti ndikadzafa adzanditengere ku Ntcheu, anaseka, maso ali pafoni.

"Adadi, dothi ndi dothi. Mudzadziwa bwanji?"

Ha! Ndinatsala pang'ono kumugenda ndi nsapato. Mwana wobereka ndekha ameneyu!

Kenako anamwalira mnzanga wa ku Dedza, amene tinabwera naye pa basi imodzi. Ana ake anati kunyamula maliro ndi chintchito, angomuika konkuno. Mwana wanga ndinachita kumukoka kuti tipitire limodzi kumaliroko.

Manda anakumba ndi thirakitala, maenje ali ndondondo ngati mapando a chimanga. Adzukulu kunalibe. Wakubanja woti anene kuti malemuyu anali mwana wa yani kunalibenso. Woyang'anira manda ankangoyang'ana wotchi, poti maliro ena ankadikira pageti. Tisanamalize n'komwe nyimbo, dzenje loyandikana linali litalandira mwini wake, munthu amene mnzangayo sanamuonepo chibadwire. Ndinachita mantha, abale. Ndinadziona ndekha m'bokosimo, nditagona pakati pa anthu osandidziwa, mayi anga ali kutsidya kwa Zambezi. Ndinagwira mkono wa mwana wanga kuti ndisagwe, ndipo sanandichotse dzanja.

Tinabwerera pa takisi. Titafika kunyumba mwana wanga anasiya mpando n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi anga, foni ili m'manja. Mumtima ndinati wayambapo.

"Adadi, nenani njira. Ndikujambula mawu," anatero, ulendo uno m'Chichewa chake chopunduka.

"Njira yanji?"

"Ya kumudzi. Kuyambira pa Mwanza."

Ndinanena. Pokhotera kusiya tala, msewu wafumbi, mlatho wamitengo umene galimoto sidutsa mvula ikagwa. Ndinamuuza kuti asakangotulukira ndi bokosi ngati wabweretsa katundu, atsogoze uthenga kwa mlongo wanga, ndipo akafika akagwade. Ndinamuuza mbali imene anagona mayi, pansi pa mtengo wa msuku. Dzina la mudzi linkamukanika lilime. Ndinamuseka, iye osaseka.

Mtima unayamba kukhala pansi, mpaka ndinaona kuti foni ija ikunjenjemera m'manja mwake. Mantha aja anabwerera onse.

"Iwe, wandiona chiyani kuti ufulumire chonchi?"

Anayang'ana pansi. "Kumanda kuja dzanja lanu linali lozizira, adadi."

Anasendeza foni ija pafupi ndi pakamwa panga.

"Nenaninso dzina la mudzi. Pang'onopang'ono."